Anandiveka gauni ku Greenwich kuti akapemphere mavoti kuphiri

Ine sindinamalize sukulu iliyonse kuno ku London. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kwathu kuli anthu amene mpaka lero amati ndinali namwino koma ndinapenga. Sindinapenge, ndipo unamwino sindinaulaweko. Ndinavala gauni yobwereka, ndinamwetulira, munthu anajambula. Kulakwa kwanga n'kumeneko, ndipo kunatsala pang'ono kumutayitsa sukulu mng'ono wanga. Zinazo, zimene Amalawi a kuno amandinenera kuti ndine wamwano, sindikuzipepesa. Inu owerenga musadikire kuti mwina ndipepesa kumapeto.

Kwathu ndi m'mbali mwa phiri, kumtunda kwa minda ya tiyi, kumene galimoto imafika chilimwe chokha. Mvula ikayamba msewu umasanduka mtsinje. Nanazi ndi nthochi zimawolera m'munda, wodwala amatsika naye pamachira, ndipo mlatho wathu unapita ndi napolo ine ndili ku pulayimale.

Phungu wa dera lathu sindimutchula dzina. Ndizingoti iye, ulemu woti iwo unandithera. Anali mphunzitsi wamkulu pasukulu pathu, munthu wa njinga ndi jekete imodzi. Atalowa ndale ananenepa khosi. Zipani wasintha kangapo, moti mayi anga ali ndi nsalu zamitundumitundu, nkhope ili imodzimodzi. Mlatho uja amaulonjeza chisankho chilichonse. Koma ndisamunamizire, zina amachita. Mabokosi a maliro amagula, ndipo pikapu yake ndiyo ambulansi ya dera lonse. Bambo anga atamwalira, bokosi anagula ndi iye. Kuyambira tsiku limenelo mayi anga akangomva dzina lake amakonza nsalu ngati munthuyo waima pakhomo.

Nditakhoza Fomu 4, phunguyo anachititsa msonkhano pabwalo la sukulu n'kundiitanira kutsogolo. Anauza anthu kuti akutumiza mwana wa phiri ku Ulaya kukaphunzira unamwino, kuti akadzamanga chipatala adzagwiremo mwana wathuwathu. Amayi anaimba nthungululu, mayi anga analira. Palibe anafunsa dzina la sukulu imene ndikupitayo. Inenso sindinafunse. Mwana wa mayi wamasiye amene bambo ake anaikidwa m'bokosi la mphatso afunsa chiyani?

Pabwalo la ndege anandilandira Asisi Loveness, mwana wake wamkulu wa phunguyo. Iwowo ndiye namwino weniweni. Ankakhala ku Woolwich m'fulati ya pamwamba, ndi ana awiri ang'onoang'ono, mwamuna wawo atawathawa kalekale. Tsiku lomwelo anatenga pasipoti yanga, ati kuti ingasowe. Anandionetsa matiresi m'chipinda cha ana, makina ochapira ndi njira ya kusukulu ya anawo.

Sukulu yanga inaliko, ndisanene bodza. Kanali kakoleji ka pamwamba pa sitolo ya mafoni, kongoti viza ituluke, ati ndiyambire pamenepo kenako ndidzalowa yaikulu. Koma namwino amayendera mashifiti, ndipo shifiti ya Asisi ikagundana ndi kalasi yanga, mukuganiza kuti inkapambana ndi iti? Ndinkasambitsa ana, kuwaperekeza, kuphika, kuchapa, kukawatenga. Ndikawalankhula Chichewa ankandiyankha Chingerezi, ndipo anzawo ankawauza kuti ndine wantchito wawo. Ana sanama pa zotere. Kukoleji anandichenjeza za kujomba, kenako anandichotsa. Nditawauza Asisi, anangoti tiona chaka chamawa, n'kundifunsa ngati nkhuku ndaitulutsa m'filiji.

Chisankho chitayandikira, phungu uja anabwera. Anandipeza ndili pasinki, n'kundipatsa moni woti, “Adokotala athu muli bwanji?” Ndinapukuta m'manja, ndinagwada, n'kumufotokozera zonse, kuti sukulu inatha kale ndipo ine ndangosanduka mlezi. Anandimvetsera akutokosa m'mano. Anati imeneyo ndi nkhani yaing'ono, pepala limabwera pambuyo, chachikulu n'chakuti anthu kumudzi asataye mtima.

M'mawa mwake tinakwera basi kupita ku Greenwich, m'mbali mwa mtsinje, pa nyumba zazikulu zoyera zija pamene ophunzira amajambulitsira akamaliza. Asisi anali atabwereka gauni kwa mnyamata wina wa ku Malawi amene anali atangomaliza digiri yake. Inali yaitali, anaipinda ndi mapini. Chipewa chinkangouluka ndi mphepo. Atazindikira kuti m'manja mwanga mulibe kanthu, anatulutsa m'chikwama chawo pepala la mitengo ya nkhuku ndi tchipisi, lija anthu amaponya pansi pa chitseko, n'kulipinda ngati satifiketi, n'kumanga ndi liboni ya m'mutu ya mwana. Phungu anaika dzanja paphewa langa.

Mufunsa kuti ndinavomereranji. Ndikhoza kunena za pasipoti, kapena za bokosi la bambo anga, ndipo zonsezo n'zoona. Koma palinso china. Gauniyo ndinaikonda. Azungu odutsa ankandimwetulira, mayi wina anandifunira mafuno abwino. Ndinafuna kuti mayi anga andione choncho ngakhale kamodzi. Musamanamizidwe kuti bodza lililonse munthu amachita kukakamizidwa.

Chithunzi chimenecho chinakhomedwa pamitengo, pachigayo, pagolosale, mpaka pakhomo la tchalitchi. Pamsonkhano uliwonse ankachikweza m'mwamba n'kufunsa anthu ngati opikisana naye anatumizako ngakhale mbuzi ku Ulaya. Anapambana. Mayi anga dzina lawo linasintha, anasanduka Amake Nesi. Anthu ankabwera pakhomo ndi miyendo yotupa kuti akandifunsire mankhwala pafoni.

Kwa Asisi ndinachokako patapita nthawi. Anandithandiza ndi mayi wina wa ku Zambia amene tinkakumana pageti la sukulu ya ana. Tsiku lina anandiyang'ana m'manja n'kunena m'Chinyanja chakwawo kuti, “Iwe mwana, uzakalamba pa sinki ya bene.” Anandipezera ntchito kunyumba yosamalira okalamba ndi kachipinda ku Tottenham. Ndinatuluka ndi jumbo ziwiri. Pasipoti inatsala komweko, viza inali itatha kale.

Kumudzi ndinkaimba Lamulungu, ndi makhadi aja timagula m'masitolo. Kwathu netiweki imagwira malo amodzi okha, pamwala waukulu kumtunda kwa sukulu, ndiye anthu akatuluka m'tchalitchi amakwera kumeneko kukadikira pafoni ya aphunzitsi. Lamulungu lina mayi anga anayamba kulankhula asanapume n'komwe. Anati Mulungu watiyenderanso, a Onarebo asankha Eluby. Eluby ndi mng'ono wanga, nthawi imeneyo ali Fomu 3, mwana amene masamu ankawaphunzitsa anzake. Anati teremu ikatha asiya, sukulu akapitiriza kuno, poti za kuno n'zapamwamba.

Ine ndinkadziwa kale kuti Asisi Loveness ndi oyembekezera. Ku London nkhani za mimba sizibisika.

Ndinawauza mayi zonse. Ndinawauza za sinki, za kakoleji, za gauni, za ntchito imene ndimagwira yosambitsa nkhalamba. Kenako anati, “Nanga chithunzi chija anajambula mzukwa?” Anati ndakhuta, tsopano ndikufuna kutsekera mng'ono wanga chitseko. Ndisanayankhe, mawu a mzungu analowerera kundiuza kuti khadi yatha.

Lamulungu lotsatira mayi anakana kukwera mwala. Anabwera ndi Eluby. Ndinamuchonderera kuti amalize kaye Fomu 4, akhale ndi pepala lake m'manja. Anandiyankha mwaulemu wake wonse kuti, “Achemwali, ngati inu munalephera, si kuti aliyense alephera.” Mawu amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chimene Asisi anandinenapo. Koma ndikanamudzudzula bwanji? Mwanayo anakula akuona nkhope yanga pamtengo uliwonse. Msampha umene ankauthamangirawo nyambo yake ndinali ine.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mayi anga sangakane. Munthu amene anakugulira bokosi sumukana, kwathu zilibe njira zimenezo. Ndiye ngati wopereka sangaleke kupereka, kunatsala kuti wolandirayo anyansidwe, aleke yekha kufuna mwana wa pakhomo pathu.

Mpata unabwera wokha. Phungu anabweranso kuno kudzaonana ndi madokotala za kuthamanga kwa magazi, munthu amene dera lake lilibe ngakhale poyezera malungo. Amalawi anamukonzera phwando m'holo ya tchalitchi ku Tottenham, masana mapemphero atatha. Mukudziwa mwambo wathu pa zotere: amene anathandizidwa amaitanidwa kutsogolo, amagwada, n'kuthokoza pamaso pa anthu. Asisi anatumiza uthenga kudzera mwa amayi a mpingo kuti ndikabwera n'kugwada, zakale ziiwalika ndipo pasipoti yanga andibwezera. Ndinayankha kuti ndibwera.

Holoyo inadzaza. Ena anali atangoweruka, yunifolomu ikuonekera pansi pa majekete. Panali mathileyi a mpunga ndi nkhuku, ana akuthamangathamanga, ndi bambo wina wa kamera ya vidiyo, kuti kaseti ikaonetsedwe kumudzi. Phungu analankhula nthawi yaitali za chitukuko. Anati mlatho ukuyamba posachedwa. Anati mwana woyamba wa phiri anamaliza, wachiwiri ali m'njira. Anthu anaomba m'manja. Kenako wotsogolera mwambo anandiitana, n'kunditchula kuti chipatso cha ntchito za a Onarebo.

Pansi, patsogolo pa tebulo lake, anali atayala chitenje choti ndigwadepo. Ndinachilambalala chitenjecho, ndinatenga maikolofoni ndili chiimire.

“Ine si namwino,” ndinatero. “Ndinabwera kudzalera zidzukulu za bambo awa, ndipo ndinazilera. Gauni ija ndi ya achimwene akhala kumbuyo uko, afunseni. Pepala lija linali la mitengo ya tchipisi. Ngati mukufuna wantchito wina, lembani wantchito muzimulipira. Mng'ono wanga musamukhudze.”

Mwini gauni uja anangowerama n'kumayang'ana nsapato zake. Phungu ndi katswiri, zoterezi anazizolowera pamisonkhano. Anaseka, n'kutembenukira kwa anthu.

“Kuzizira kwa kuno kumawazunguza mutu anawa,” anatero.

“Mutu wanga uli bwino, bwana. Kapena tifunse za mlatho?”

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa chifuwa. Maikolofoni anaizimitsa. Mayi wina wamkulu wa mpingo anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa, akundikokera kunja n'kumandifunsa kuti ndinaleredwa ndi ndani. Wa vidiyo anali atatsitsa kale kamera yake.

Chimene chinandinyansa kwambiri si phungu ayi. Ndi anthu a m'holomo. Ambiri ankadziwa. Anali atandionapo kumsika wa ku Woolwich ndikukankha ngolo ya mwana nthawi ya kalasi. Ena a iwo m'nyumba mwawo muli atsikana otere, amawatchula kuti mwana wa achemwali. Ndili podikirira basi anandipeza mayi wina, namwino wachikulire, n'kundinong'oneza kuti zonse ndanena n'zoona, koma ndikananena nditagwada. Ndinamufunsa kuti ndinagwada zaka zonse zija, anandimva ndani? Basi yake inabwera.

Nkhaniyo inakwera phiri mwini wake asanakwere ndege. Amalawi a kuno pafoni sachedwa. Phungu atafika kumudzi anauza anthu kuti ndinachotsedwa ntchito ya unamwino chifukwa cha mowa, mutu unasokonekera, ndipo pakhomo pathu ndi pa anthu osayamika, sadzapondaponso. Ulendo wa Eluby unathera pomwepo. Chimene ndinkafuna chinachitika.

Koma mtengo wake analipira ndi mayi anga, ndipo zimenezo ndinkazidziwa ndisanatsegule pakamwa. Anawachotsa m'gulu la amayi ovina pamisonkhano. Makuponi a feteleza atabwera, pakhomo pawo anapadumpha. Dzina lija la Amake Nesi anthu amawaitanabe, koma tsopano moseka. Kuyambira pamenepo sanakwerenso mwala uja chifukwa cha ine. Zimene ndimatumiza amalandira, koma mawu ayi. Zimandiwawa, ndine munthu. Koma mutandibwezera m'holo muja ndikhoza kuchilambalalanso chitenje chija.

Eluby anatsala pasukulu, analemba Fomu 4, anakhoza. Pano ali kukoleji ya aphunzitsi. Nthawi zina amandifulasha, ine n'kuimba. Sanandithokozepo. Posachedwapa anandiuzanso kuti mwina iye zikanamuyendera. Ndinamuyankha kuti akwiye ndithu, bola akukwiya satifiketi ili m'chikwama mwake, yeniyeni, yolembedwa dzina lake.

Pasipoti yanga sindinaionenso. Ndikusambitsabe nkhalamba za azungu, ndipo ntchito imeneyi sindichita nayo manyazi, poti amandilipira ndipo palibe amanditchula dokotala. Kumapwando a Amalawi sandiitana. Zilibe kanthu, mpunga ndimatha kuphika ndekha.

Mwina mukuti nkhani yatha bwino. Dikirani.

Loweruka lina ndinapita kumsika wa ku Woolwich kukagula nsomba. Ndinaona ana a Asisi aja, atakula, akukanganirana chakumwa. Pambuyo pawo panali mtsikana woonda akukankha ngolo ya mwana wachitatu, atavala jekete imene ine ndinaisiya m'nyumba muja. Ndinamupatsa moni. Atangoyankha ndinadziwa kuti ndi wa kwathu, wa tsidya lija la mtsinje, kumene mlatho unkafikira. Ndinamufunsa za sukulu. Anati akuyamba mwezi wamawa. Ndinamufunsa kuti wakhala kuno nthawi yaitali bwanji, anati kuzizira kuno n'kwachiwiri. Kenako anandiyang'anitsitsa n'kuzindikira kuti ndine ndani. Anati anamuletsa kulankhula nane. Ndinayesa kumupatsa nambala yanga, iye anabisa manja m'matumba a jekete yanga ija, n'kukankha ngolo kumapita.

Ndinapulumutsa mng'ono wanga, phungu anangowoloka mtsinje n'kukatenga mwana wa eni. Zimenezo ndiye zandilembetsa nkhani ino.

Inu makolo a m'madera mwathu, munthu wamkulu akabwera kuti akutengerani mwana kunja, mufunseni dzina la sukulu, mufunseni kuti m'nyumba imene akukafikiramo muli makanda angati. Sikuti mwachita mwano. Bokosi la maliro si malowolo a mwana wanu. Ndipo mwana akakuimbirani kuti zinthu sizili bwino, mumvereni iyeyo, osati chithunzi. Inu anzanga amene mukukonzekera ulendo, malizani kaye zimene muli nazo m'manja, ndipo pasipoti yanu musapatse munthu, angakhale wokoma pakamwa chotani. Akadzakuuzani kuti valani ichi tingojambula, kumbukirani kuti kumbuyo kwanu kuli ang'ono anu amene adzakhulupirira. Inunso Amalawi a kuno amene mumaombera m'manja zinthu mukuzidziwa, mundide ndithu, koma mukudzidziwa.

Chisankho chikubweranso, ndipo ndamva kuti akuimanso, pansalu yamtundu wina. Voti ndi yanu, ine sindikuuzani pochonga. Koma inu makolo a mtsikana wa tsidya lija, ngati pali wina akukuwerengerani nkhani ino, mvetserani bwino. Mwana wanu ndamuona ndi maso anga. Ali moyo, waonda, ndipo sali pasukulu. Kwerani pamwala Lamulungu likubwerali, mumuimbire, mumufunse dzina la mphunzitsi wake ngakhale mmodzi.